Ngolo ya boti yachita dzimbiri: ndiikonze kapena ndigule ina?

Funso: Ndili ndi boti la thanga lotalika mamita 6.5, la keel (chipsepse cholemera cha pansi pa boti) yokweza ndi kutsitsa. Ngolo yake yolikokera ndi galimoto ndi yachitsulo chopaka penti, yamapaipi otseka a makona anayi, ndipo yatha zaka zoposa 15 ikulowa m'madzi amchere. Tsopano dzimbiri likuyoyoka pamtanda wopingasa wakumbuyo ndi pamasipuling'i, ndipo malo ena penti watuluka matuza. Wowotcherera wina wandiuza kuti akhoza kuika zigamba n'kupakanso penti. Kodi ndiikonze, kapena ndingogula ina?

Yankho: Musanalole munthu kuyatsa makina owotcherera, komanso musanagule penti ngakhale chitini chimodzi, fufuzani kaye kuti chitsulo chatsala chochuluka bwanji m'mitanda iwiri ikuluikulu ya m'litali ndi pakhosi la ngolo, ndikunena mtanda wakutsogolo uja umakakola kugalimoto. Nkhani yonse yagona pamenepo. Masipuling'i, ekiselo, matayala, magetsi ndi winchi yokokera boti pangolo n'zomanga ndi mabawuti, zikatha mumamasula n'kuikapo zina. Koma felemu ikatha, zatsopanozo muzimanga pa chiyani?

Chimene chandidetsa nkhawa m'funso lanu si dzimbiri mukulionalo, koma mawu oti ngoloyo ndi yamapaipi otseka. Nthawi iliyonse mukaibweza m'madzi kuti mutsitse boti, madzi amalowa m'mapaipimo kudzera m'mabowo a mabawuti ndi a mawaya, ndipo satuluka onse. Kunja dzuwa ndi mphepo zimaumitsa msanga, pomwe mkati mumakhalabe monyowa kwa masabata, ndipo mkatimo penti sanafikemo n'komwe. Mchere umaipitsa zinthu pawiri. Madzi amchere amayendetsa mphamvu ya magetsi mosavuta, zimene zimafulumizitsa kudyeka kwa chitsulo, komanso mchere wotsalira umakoka chinyezi cha mumpweya, moti ngolo imapitiriza kudyeka ngakhale itaimikidwa pouma. Paipi yotere imatha ngati mtanda wolowa chiswe, khungu lili bwinobwino koma mkati mulibe kanthu. Matuza mukuwaona papentiwo angakhale dzimbiri loyambira kunja, angakhalenso malo amene dzimbiri lamkati latsala pang'ono kuboola. Ngolo zachitsulo chotsegula, chooneka ngati chilembo C kapena I mukachidula, zilibe vuto lobisikali, chifukwa madzi amatsika okha ndipo mbali zonse mumaziona.

Dzimbiri limadziwanso kuopseza pachabe. Limafufuma kangapo kuposa chitsulo chimene lachokerako, choncho makoko okhuthala amene akugwa pansiwo angakhale atangodya kachigawo kochepa ka chitsulo chokhuthala. Maso okha angakunamizeni mbali zonse ziwiri, n'chifukwa chake pamafunika hamala.

Boti lichoke kaye pangolopo. Litsitsireni m'madzi likakhale padoko masiku angapo, kapena linyamulidwe ndi crane n'kuikidwa pazochirikiza zake. Musalowe pansi pa boti lokhala pajeke yokha, makamaka la keel yolemera ngati lanulo. Mukatero tsukani ngolo, palani ndi burashi yawaya, ndipo tengani hamala yaing'ono yamutu wozungulira muyambe kumenya felemu yonse, masentimita ochepa aliwonse, makamaka kunsi kwa paipi komwe madzi amakhazikika. Chitsulo chamoyo chimalira momveka ndipo hamala imadumpha. Chodyeka chimalira mogontha, hamala imasiya kadzenje, nthawi zina mumamva zinyenyeswa zikugwa mkati. Musachichitire chisoni. Ngati pali poti hamala ingaboole, iboole lero ngolo ili pabwalo, isadzathyoke ili pamsewu boti lili pamwamba. Kenako kwezani khosi m'mwamba muone zimene zituluke kumapeto kwa mapaipi. Madzi ofiirira pang'ono si nkhani. Makoko odzaza manja ndi chitsulo cha ngolo yanu chimene chachoka pamalo pake.

Pali malo amene muyenera kukhalitsapo. Oyamba ndi pomwe khosi limakumana ndi felemu, chifukwa pamenepo chitsulo chimapindika n'kuwongoka pa bampu iliyonse, ndipo dzimbiri likaphatikana ndi kutopa kwa chitsulo, mng'alu suchedwa. Ena ndi pomwe pawotcheredwa timakutu togwira masipuling'i, pansi pa mabawuti opindika aja a U, patsinde pa mzati wa winchi, ndi paliponse pomwe zitsulo ziwiri zasanjikizana n'kusiya kampata kosunga madzi. Matabwa okutidwa ndi kapeti amene boti limagonera nawonso amasunga madzi amchere, ndiye masulani muone kunsi kwake.

Kuti musangodalira khutu, yezani. Ena mwa amene amagwira ntchito za zitsulo ali ndi kachipangizo ka ultrasonic koyeza kukhuthala kwa chitsulo popanda kuboola. Ngati simukapeza, boolani kabowo ka mamilimita 6 kunsi kwa paipi, chapatali ndi pomwe khosi lalumikizana komanso ndi timakutu ta masipuling'i, muyeze m'mphepete mwake. Kabowoko kadzathandizanso kutulutsa madzi. Yerekezani ndi chitsulo chakutsogolo chimene sichilowa m'madzi, chifukwa ndicho chikuuzeni mmene paipi inalili ili yatsopano. Timakamera tating'ono ta pachingwe tolumikiza kufoni timathandizanso kusuzumira mkati. Muyeso wanga ine ndi uwu: mtanda waukulu kapena khosi zikataya gawo limodzi mwa magawo anayi a kukhuthala kwake pamalo onyamula katundu, kapena hamala ikaboola malo oposa amodzi pamitanda ikuluikulu, felemuyo ndimaiwerengera kuti yatha. Ena angakuuzeni kuti ndine wamantha, koma paipi ikaboola pamalo amodzi, malo oyandikana nawo amakhala atatsala pang'ono, popeza madzi anali omwewo mkati monse.

Tsopano za zigamba. Wowotchererayo sakunama kuti angaziike, funso ndi lakuti aziwotcherera pa chiyani. Chitsulo chopyapyala chadzimbiri chimaboka chikangomva moto, ndipo ngakhale chigamba chigwire, chagwira pa chinthu chofooka. Chigamba chongophimba pamwamba pa dzimbiri chimapanganso mpata watsopano wosunga madzi, ndiye kudyeka kumapitirira kuseri kwake komwe simungaonenso. Vuto lina n'lakuti pomwe pali chigamba pamauma kwambiri, pomwe chitsulo chapafupi chikupindikabe, ndipo mng'alu umayambira m'malire mwa ziwirizo. Ngati chawonongeka ndi mtanda wopingasa wakumbuyo wokha, zimene zimachitikadi kawirikawiri chifukwa ndiwo umayamba kulowa m'madzi n'kumaliza kutuluka, audule wonse aikepo watsopano. Ntchito imeneyo ndi yabwino ndipo ndi yotsika mtengo. Ngati pamtanda waukulu pali malo amodzi okha odyeka, adule mpaka afike pachitsulo chowala, aike chidutswa chatsopano, kenako alimbitse ndi chitsulo chachitali m'mbali chosongoka kumapeto, kuti mzere wowotcherera usadutse mopingasa mtandawo. Khosi lokha ayi, sililumikizidwa pakati. Likadyeka lichoke lonse.

Boti la thanga lili ndi zake zimene wowotcherera wozolowera ngolo za katundu wamba sangaziganizire. Kulemera kwake kochuluka kuli mu keel, ndipo pangolo kulemerako kumatsikira pamtanda wopingasa umodzi kapena iwiri. Mtanda wa pansi pa keel muuone ngati umodzi wa mitanda ikuluikulu, osati wothandizira chabe. Matabwa ndi zochirikiza za m'mbali ntchito yake yaikulu ndi kuletsa boti kupendekeka. Mtanda wapakatiwo ukayamba kugonja, katundu amasamukira kuzochirikizazo, zimene zimakankha thupi la boti mpaka kulibonyola kapena kuling'amba. Popeza keel yanu ndi yokweza, poyenda pamsewu iyenera kutsitsidwa kuti ikhale pachogonera chake pangolo, isalendewere pachingwe chake, apo ayi bampu iliyonse imakoka chingwecho ndi bawuti yomwe keel imazungulirapo. Kumbukiraninso kuti boti lotere limafuna ngolo ilowe mwakuya kuti liyandame, choncho zigawo zimene pangolo zina sizinyowa, payanu zimamira.

Tinene kuti felemu yapambana mayeso. Masipuling'i amene akuyoyokawo musataye nawo nthawi. Dzimbiri limalowa pakati pa masamba ake n'kuwakankha kuti atalikirane, ndipo penti sangafikemo. Sinthani mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, pamodzi ndi mabawuti a U atsopano, chifukwa akalewo anatanuka kale pomangidwa koyamba. Ekiselo nayo nthawi zambiri ndi paipi, imenyeni ndi hamala ngati felemu. Ngati iyenera kusinthidwa, ganizirani ya torsion, yomwe imanyamula katundu ndi mphira zili mkati mwake m'malo mwa masamba achitsulo. Ilibe zambiri zochita dzimbiri, koma ikatha siikonzedwa, imangosinthidwa yonse.

Tsegulani mahabu, pakati pa gudumu pomwe pamakhala mabering'i, muone girizi. Akakhala woyererako kapena wofiirira, madzi analowa. Zimachitika motere: mwayenda ulendo, habu yatentha, mwaibweza m'madzi ozizira, mpweya wamkati wakhwinyata n'kukoka madzi kudutsa pa seal, kamphira kotchinga madzi. Mankhwala ake ndi kudikira kuti mahabu azizire musanatsitse boti, ndipo inu a boti la thanga muli ndi mwayi chifukwa nthawi yoimika mlongoti ndi kumanga zingwe imakwanira. Ikani mabering'i ndi ma seal atsopano ndi girizi wopirira madzi. Zotsekera habu zokhala ndi kasipuling'i mkati monga Bearing Buddy zimathandiza posunga girizi wopanikizika pang'ono, koma mukapopera mopitirira muyeso mumaphulitsa seal yakumbuyo, girizi n'kuthira pamabuleki. Matayala a ngolo amakalamba asanathe mapazi. Pambali pa tayala pali manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi zilembo DOT, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka, moti 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala la ngolo lopitirira zaka 6, kapena la ming'alu m'mbali, ine sindiliyendetsa mtunda wautali. Magetsi ikani a LED otseka, ndipo waya wa earth ufike panyali iliyonse, musadalire felemu kuti ibweze magetsi, chifukwa mavuto ambiri a nyali za ngolo amachokera pamalumikizidwe adzimbiri amenewo.

Poteteza felemu yokonzedwayo, njira yokhalitsa m'madzi amchere ndi kuiviika mu zinki wosungunuka, ntchito imene amaitcha hot-dip galvanizing. Zinkiyo amakhala wotentha pafupifupi madigiri 450, amamatirira pachitsulo kunja ndi mkati mwa mapaipi momwe, ndipo pakakandika ndiye amayamba kudyeka m'malo mwa chitsulo. Muyezo wa ISO 1461 umafuna kuti pachitsulo chokhuthala mamilimita oposa 3 mpaka 6 zinki akhale wokhuthala pafupifupi ma micron 70 (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita). Koma ntchitoyi ili ndi zofunika zake. Penti yense ayenera kuchoka kaye, chilichonse chomasuka chimasulidwe, ndipo paipi iliyonse yotseka iboledwe mabowo otulutsira mpweya, apo ayi ingaphulike m'thankimo. Muyeneranso kufunsa ngati thanki yawo ingalandire felemu yotalika chotero. Ndipo zinki sabwezera chitsulo chimene chinadyeka kale, amangoteteza chotsalacho.

Ngati mwasankha penti, dziwani kuti mbali yaikulu ya ntchito ndi kuyeretsa. Kupopera mchenga mpaka chitsulo chiyere ndiye njira yeniyeni. Burashi yawaya imangosalaza dzimbiri n'kusiya mchere m'timaenje, ndipo pakapita miyezi matuza amabwerera pomwepo. Tsukani ndi madzi opanda mchere musanapake chilichonse. Mankhwala a phosphoric acid amene amasandutsa dzimbiri kukhala khungu lakuda amathandiza padzimbiri lopyapyala lotsalira, koma sangalowe m'makoko. Pambuyo pake pakani primer, penti woyamba, wa zinki wambiri, kenako epoxy, pamwamba penti wa polyurethane, chifukwa epoxy yekha amatuwa ndi dzuwa. M'mapaipimo poperani mafuta kapena phula loteteza dzimbiri, ndipo musatseke mabowo otulutsira madzi. Chenjezo limodzi kwa wowotcherera wanu: ngati pali chigawo cha zinki, apale zinkiyo asanawotcherere ndipo agwirire ntchito pamalo opita mphepo, chifukwa utsi wake umadwalitsa, munthu amamva kutentha thupi ndi kuphwanya ngati wagwidwa chimfine chachikulu.

Pamabawuti anthu amathamangira stainless, chitsulo chosachita dzimbiri msanga, poganiza kuti ndiye mapeto a mavuto. Pomangira nyali ndi matabwa ndi abwino, makamaka a 316. Koma pamalo onyamula katundu monga pachokolera ndi pamasipuling'i, ikani achitsulo cholimba a giredi 8.8 okutidwa ndi zinki, chifukwa stainless wamba salimba kufika pamenepo ndipo amakonda kumatirira ku nati pomanga.

Mukamaliza kufufuza, khalani pansi ndi pepala. Lembani zonse: kudula ndi kuwotcherera, kupopera mchenga, zinki kapena penti, masipuling'i, ekiselo, mahabu, mabuleki, matayala, magetsi, matabwa, ndi mtengo wosungira boti kwina ntchito ili mkati. Anthu ambiri amangowerengera za wowotcherera, zina zonsezo n'kumazazindikira pang'onopang'ono ndalama zitapita kale. Zonse pamodzi zikapitirira theka la mtengo wa ngolo yatsopano ya zinki, ine ndimalangiza kugula, chifukwa yokonzayo idzakhalabe felemu yakale. Ndipo mukandifunsa maganizo anga pa yanuyi ndisanaione, mapaipi otseka, penti yekha, zaka zoposa 15 m'madzi amchere, ndikuyembekezera kuti hamala ikuuzani kuti mugule ina. Ikakhala kuti mitanda ikuluikulu ikulira bwino, sinthani mtanda wakumbuyo ndi zoyendera zonse, mudzaigwiritsabe ntchito zaka zambiri.

Pogula, yambani ndi sikelo. Kulemera kolembedwa m'kabuku ka boti ndi kwa boti lopanda kanthu, pomwe lanulo lili ndi injini yaing'ono, batire, nangula, matanga, mafuta ndi madzi, ndipo lita iliyonse ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Njira yodalirika ndi kuyeza pasikelo ya magalimoto ngolo ili ndi boti, n'kuyezanso ilibe. Ngati ngolo yakaleyo yalephera mayeso a hamala musaiyendetse pamsewu chifukwa cha sikelo, funsani a crane, ambiri makina awo amaonetsa kulemera kwa chimene anyamula. Sankhani ngolo yonyamula kuposa pamenepo ndi mpata wooneka, ndipo werengani bwino kachitsulo kolembedwa ndi opanga, chifukwa nambala yaikulu imaphatikiza kulemera kwa ngolo yomweyo. Za mabuleki malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku Europe ngolo yopitirira makilogalamu 750 pamodzi ndi katundu wake iyenera kukhala nawo, ndipo boti la msinkhu wa lanulo pamodzi ndi ngolo kawirikawiri limadutsa pamenepo. Kumadzi amchere mabuleki a disc amatsukika mosavuta kuposa a drum, omwe amasunga madzi mkati.

Pakati pa chitsulo cha zinki ndi aluminiyamu, zonse ndi zabwino. Aluminiyamu ndi yopepuka ndipo sichita dzimbiri lofiira, koma ekiselo, mahabu ndi masipuling'i ake ndi achitsulo ndithu, ndipo pomwe aluminiyamu yakhudzana ndi chitsulo china m'madzi amchere imadyeka n'kutuluka ufa woyera, pokhapokha pakhale chotchinga pakati. Matabwa othiridwa mankhwala a kopa nawonso amadya aluminiyamu akagundana nayo mwachindunji. Kwa boti la keel ine ndimakonda chitsulo cha zinki chotsegula mbali, chifukwa n'chosavuta kuwotchererapo zochirikiza mogwirizana ndi boti. Yogula kwa munthu ndi yotheka, koma pitani ndi hamala yanu, ndipo mukapeza penti watsopano wonyezimira pangolo yakale, menyani kawiri. Onaninso kuti nambala ya pafelemu ikufanana ndi ya pamapepala.

Ngolo yatsopano siikhala yokonzeka kufikira boti litakhazikika bwino. Keel igone pachogonera chake, zochirikiza zingokhudza thupi la boti pamalo olimba, pomwe mkati muli zipupa zolimbitsa. Kulemera kotsikira pachokolera cha galimoto kukhale pakati pa 5 ndi 10 peresenti ya kulemera konse, osapitirira malire a galimoto yanu. Kukachepa, ngolo imayamba kugwedeza mchira liwiro likakwera, ndipo zimenezi zimakonzedwa posuntha mzati wa winchi kapena ekiselo. Mpira wokolera wa mamilimita 50 ndi wa mainchesi 2 amaoneka ofanana, koma wachiwiriwo ndi mamilimita 50.8, choncho onetsetsani kuti chokolera ndi mpira ndi za muyezo umodzi. Ngati potsitsira boti panu ndi posazama, funsani za khosi lotalikitsa, kuti galimoto isamalowe m'madzi.

Kaya mwakonza kaya mwagula, mukangotulutsa ngolo m'madzi amchere itsukeni tsiku lomwelo, mulowetse paipi ya madzi m'mapaipi a felemu mpaka otuluka ayere, musaiwale masipuling'i ndi kuseri kwa matayala, ndipo muiimike khosi lili m'mwamba pang'ono pamalo olimba, osati paudzu wonyowa.

Yakaleyo musaitaye musanaiyeze. Lembani mtunda wochokera pamzati wa winchi kufika pakati pa ekiselo, kutalika kwa chochirikiza chilichonse kuchokera pafelemu, mpata wa pakati pa matabwa, ndi pomwe keel imagona, ndipo jambulani zithunzi mbali zonse boti lisanachokepo. Opanga ngolo yatsopano adzakufunsani miyeso imeneyi, ndipo kuipeza boti lili kale m'madzi n'kovuta kwambiri. Winchi, tayala lapadera, gudumu lapakhosi ndi chogonekera mlongoti, ngati zili bwino, masulani musunge.